Anandituma Kukawerenga Mipando

Ndiyambe ndi kuulula uchitsiru wanga, chifukwa ndikapanda kutero a Nambewe, akazi anga, adzaulula okha, ndipo iwo akamaulula amathira mchere wambiri. Kwa zaka zambiri ine ndinkakhulupirira kuti galimoto imasankhidwa ngati ng'ombe. Ndinkati munthu uitsegula kukamwa, uyang'ana mano, ugogoda ziboda, kenaka uima kumbuyo n'kudikira kuti itulutse za m'mimba uone ngati zili bwino. Sukulu ndinalekeza giredi folo, koma ng'ombe ndagula ndi kugulitsa kuchokera ku Vubwi mpaka ku Sinda, ndipo anandinamizapo kawiri kokha. Choncho mkamwini wanga, a Zulu, atatumiza mawu akuti ndiwaperekeze kukasankha galimoto, ndinati eya, mbiri yanga yafika ndi kwa aphunzitsi omwe.

A Zulu ndi mphunzitsi, Mngoni wa cha ku Chipata, amene anakwatira mwana wathu Malita. Malita anamwalira mu Febuluwale. Anali ndi pakati pa mwana wachinayi, matenda anamuyamba mvula ikukhuthuka, a Zulu n'kumukweza m'kagalimoto kawo kakang'ono, kaja kokwawa ndi mimba ngati fulu. Kanatitimira pa kamtsinje ka Kankhande, pakati pa mudzi wathu ndi boma la Vubwi. Ine ndinathamangirako ndi ng'ombe zanga ziwiri. Tinakoka. Mwana anabadwira m'galimotomo, wamoyo. Malita anafika kuchipatala atazizira kale.

Ndalemba zimenezi m'mizere yochepa, ndipo mumtima mwanganso ndi mizere yomweyo, palibe ina. Pamaliro anthu ankandiyang'ana kudikira kuti ndigwe. Ine ndinkaganiza za goli langa limene linathyoka pokoka paja, kuti mtengo wina wabwino ndikaupeza kuti.

Tsopano nkhani inatsala ndi ya ana. Kwa ife Achewa ana ndi a kuchikazi, mwini wake ndi malume. Kwa Angoni ana ndi a bambo. Malita ali moyo zimenezi tinkangosekera pamowa. Atapita, ana onse anayi anabwera kwathu, kakhandako a Nambewe n'kumakamwetsa mkaka wa m'chitini ndi kugona nako pachifuwa. Ndiye kumapeto kwa Meyi tinamva zinthu ziwiri: a Zulu awasamutsira kusukulu ina ku Sinda, ndiponso agulitsa kagalimoto kaja, akufuna ina yaikulu. Alamu anga, amene ndiwo mwini mbumba, anati za ana tidzakamba tikatha kukolola. Koma alamu angawo ndi munthu amene asanatsokomole amayamba wayang'ana nkhope ya mlongo wake.

M'mawa wa tsiku la ulendo a Nambewe anandipatsa mbatata yophika m'kapepala.

"Inu, musakakhale mukuseketsa anthu m'njiramo. Mukawerenge mipando."

"Mipando yanji?"

"Ya galimotoyo. A Zulu mmodzi, ana anayi. Ikakhala ya mipando isanu, ndiye kuti atitengera onse, ndi aka komwe."

"Nanga akagula thirakitala ya mpando umodzi?"

"Ndati musakaseketse."

Inu ana a masiku ano mufunsa kuti bwanji sanawafunse okha. A Nambewe ndi a Zulu, pa zaka khumi ndi zitatu, sanayang'anizanepo m'maso. Akakumana panjira a Nambewe ankapatukira pathengo n'kunjuta chakumbali mpaka mkamwini adutse. Mawu onse ankadutsira mwa Malita. Ndiwo ulemu wa chipongozi kwathu. Mlatho unali Malita, ndipo tsopano mlatho ndinatsala ine, wa matabwa ofumbwa.

Tinanyamuka ndi njinga zamoto ziwiri, Juni akuluma m'makutu. Pa Kankhande panali mchenga wokhawokha, ndi mapazi a mbuzi. Ukanauza mlendo kuti apa panamira galimoto mpaka m'zitseko, akanati madala mwayamba kale kumwa. A Zulu anayang'ana kumapiri mpaka titawoloka. Ine ndinayang'ana pansi, kufuna kuona ngati chidutswa cha goli chija chikadalipo. Panalibe. Wina anasonkhera moto.

Pa Vubwi tinafika dzuwa likungotuluka, tinapeza kalole kakupakira matumba a soya opita ku Chadiza. Dalaivala anati, "Kwerani, tinyamuka manje manje." Manje manje wa dalaivala uja anabereka ana ndi zidzukulu. Anapita kukamwa tiyi. Atabwera anapita kukafuna munthu wa matumba khumi amene anati ali panjira. Atabwera anakumbukira kuti sanametetse. Tinanyamuka dzuwa lili pafupi kufika pamutu. Anatilipiritsa ma kwacha eyite aliyense, mbuzi ya bambo wina inalipira theka koma inatenga malo a anthu awiri. A Zulu anandilipirira. Ine ndinapisa m'thumba kwa nthawi yoyenera, monga amachitira apongozi aulemu, mpaka nditaona kuti zatha.

Pamwamba pa matumba ndinakhala pafupi ndi mayi wina wogulitsa salaula, zovala za kaunjika zija, wathupi lake, wochokera cha kumalire a Malawi. A Zulu anakhala kutsogolo kwenikweni, chifukwa sibwino mkamwini kugundana mawondo ndi apongozi ake. Tisanafike n'komwe pa chitunda choyamba mayi uja anali atadziwa kale za Malita, za ana, za alamu anga, ndi za mipando. Sindikudziwa kuti zinatuluka bwanji. A Nambewe anandiletsa kuseketsa, sanandiletse kulankhula.

Titakwera chitunda foni ya a Zulu inagwira. Anaimirira pa matumba, dzanja limodzi atagwira chitsulo, n'kumakuwa ndi mphepo.

"Ndati ya mizere itatu! Seveni sita! Ngati ilibe mipando yakumbuyo musanditayitse nthawi!"

Ndinawerenga ndi zala pansi pa jekete. Isanu, n'kutsala iwiri. Za isanu a Nambewe anandiuza tanthauzo lake. Za isanu ndi iwiri sanandiuze.

Mayi wa salaula anandigunda ndi chigongono. "Mwamva, agogo?"

"Ndamva. Mwina iwiriyo ndi ya katundu."

"Mwakula chabe inu. Katundu amamugulira mpando? Umodzi ndi wa mkazi watsopano, winawo ndi wa mwana amene abwere naye. Mwamuna wa pa malipiro a boma akhala miyezi inayi yekha? Amayi a ku Sinda agona?"

Ndinaseka, chifukwa anayembekezera kuti ndiseke. Kenaka ndinaganiza za kakhanda kaja kali kumsana kwa mayi wopeza, ndipo ndinadikira kuti mtima upweteke. Sunapweteke. Ndinangomva matako akuwawa ndi soya.

Titatsala pang'ono kufika ku Chadiza tayala lakumbuyo linaphulika. Dalaivala anatsitsa lapadera, nalo linali lophwa ngati bere la nkhalamba. Anatiyang'ana tonse ngati ndife tinaliboola, kenaka anabwereka njinga yakapalasa pamudzi wapafupi, n'kumangirira tayala pakaliyala, ulendo. Tinakhala pansi pa mtengo wa mpundu maola atatu. Mwini mbuzi anaimasula kuti idye, inadya chingwe cha belo la salaula, ndipo mkangano umene unabuka pamenepo unatithandiza ola lathunthu.

Njala itawawa ndinatulutsa mbatata ija. A Zulu ataona anazemba n'kukakhala kuseri kwa lole, pakuti sitidyera pamodzi. Ndinatuma mayi wa salaula kuti awapititsire ziwiri zazikulu. Pambuyo pake ndinamva kuti inafika imodzi, yolumidwa.

Ku Chadiza tinafika madzulo, galimoto zopita ku Katete zitatha, kutangotsala katakisi kamodzi. Kanali ka mipando isanu, ndinawerenga, ntchito yanga inali imeneyo. Tinalowamo anthu naini. Dalaivala anakweza mtengo chifukwa ati kwada, ndipo potilongedza sanafunse kuti wachibale ndani, wachipongozi ndani. Ndinapezeka nditakhala pamiyendo ya a Zulu. Zaka khumi ndi zitatu za ulemu zinathera pamenepo.

"Pepani, atate."

"Pepani ndinu, a Zulu. Ine ndi mafupa okhaokha, akubayani."

"Iyayi, atate, muli bwino."

Dzenje lililonse tinkapepesana. Pofika pa njira yokhotera ku Mkaika dalaivala anati tikapitiriza kupepesana atilipiritsa zoonjezera. Fumbi linkalowera pansi pa mpando, ndipo pofika ku Katete tonse tinali mtundu umodzi, wofiira. Tinagona m'nyumba ya alendo kuseri kwa msika, zipinda ziwiri, nsikidzi zofanana.

M'mawa mwake tinakumana ndi wogulitsa uja wa pafoni. Anthu amamutcha Dizilo, bambo wamkulu ndithu, wa kamimba, wa nsapato zosongoka zoyera. Galimoto yake inali yakuda, yonyezimira moti ndinadzionamo kuti sindinasukusule. Matayala anawapaka polishi wa nsapato.

"Bosi, iyi ni motoka," anatero Dizilo. "Seveni sita, foo bai foo, mwine wake anali dokotala, anali kuyendera chabe ku chechi. Mudala, nkhalani mukati mumve eyakoni."

Ine ndinati atsegule kaye kukamwa. Anatukula chitseko cha injini. Mkatimo munali mowala ngati mbale yodyera abusa, mopanda ngakhale dontho la oilo.

"A Zulu," ndinanong'ona, "ng'ombe imene aisambitsa patsiku la msika ili ndi chilonda."

"Mudala akamba chani?"

"Akuti ndi yokongola," anatero a Zulu.

Anavula jekete, n'kuyala katoni, n'kulowa pansi pa galimoto ndi tochi ya pafoni. Anakhalako nthawi yaitali. Ndinamva akugogoda zitsulo, ndipo dzimbiri linkayoyoka ngati gaga. Atatuluka sanafunse mtengo, sanafunse zaka, eyakoni sanaiyang'ane n'komwe.

"Matayala onse anayi amakoka?"

"Bosi! Iyi ikwera na mu phiri ya Mphangwe na riveesi."

"Tiyeni tikaiyese m'matope."

Dizilo anaseka mpaka anagwira kamimba. "Matope mu Juni? Bosi, kuno ni fumbi chabe mpaka Novemba. Muzabwela muzaiyesa mukagula."

Koma a Zulu anali atadzuka m'bandakucha n'kuyenda wapansi kufunafuna matope, ndipo anali atawapeza. Kuseri kwa tauni, m'mbali mwa dambo, anthu ankaumba njerwa. Anali atapatutsa madzi a pachitsime n'kupondaponda dothi, malo aakulu ngati bwalo la mpira wa manja. Dizilo anayesa kunena za mafuta, a Zulu anathira mafuta. Anayesa kunena za polishi, palibe anamuyankha.

Ine ndinatsika n'kuima pachulu. Galimoto inalowa bwinobwino mpaka pakati, kenaka inakhala pansi ngati nkhumba. Matayala akumbuyo ankazungulira n'kumaponya matope kumwamba, akutsogolo ali phee ngati si nkhani yawo. Pambuyo pake makaniko wina anatiuza kuti chitsulo chopititsa mphamvu ku matayala akutsogolo anachichotsamo kalekale. Dizilo anatsegula chitseko, n'kuponda, nsapato yoyera imodzi inatsala momwemo. Oumba njerwa anabwera akukuwa ndi zikombole m'manja.

A Zulu sanatsike. Anagwira chiwongolero ndi manja onse awiri n'kumapondabe moto. Injini inkalira, matayala ankakumba, galimoto inkamirabe, iwo osaleka. Dizilo anakuwa kuti muzaononga injini, osamva. Oumba njerwa anasiya kukalipa n'kumangoyang'ana. Kulira kumeneko ine ndinali nditakumvapo, mvula ikugwa. Ndinavula nsapato, n'kukwinya buluku, n'kulowa m'matopemo mpaka pawindo. Ndinagogoda.

"A Zulu. Zimitsani."

Sanandione.

"A Zulu, mulibe munthu muno. Zimitsani."

Anazimitsa. Kenaka anati, "Pepani, atate," ngati uja tinali m'takisi.

Apa ndiye nzeru zanga zinagwira ntchito. Ndinapeza mwini ngolo wina amene ankatuta njerwa, ng'ombe zake zinali zowonda koma zomvera. Ndinamuonetsa pomanga tcheni, ndinaziitana ndi mluzu wa kwathu, zinakoka kamodzi kokha galimoto n'kutuluka. Goli lake linali la mtengo wa mlombwa, ndinalisirira. Oumba njerwa tinawapepesa ndi kangachepe. Dizilo anatiperekeza ndi mawu amene sindingalembe, akuyenda chotsimphina ndi nsapato imodzi.

"Pali ina ku Sinda," anatero a Zulu. "Ahedi a kusukulu yatsopano ndiwo anandiuza. Ya mlimi."

Minibasi ya ku Sinda tinaipeza yodzaza theka, koma theka limenelo linali la anthu olembedwa ganyu yokhala m'basi kuti ioneke yodzaza. Wokwera weniweni akalowa, mmodzi wa iwo ankatsika kukayasamula. Tinakhalamo ola ndi theka, matope akuuma m'miyendo mwanga n'kumasweka ngati chikungwa. Itanyamuka, tara wa mseu waukulu anandigoneka tulo. Sindingakuuzeni kanthu za malo a pakati pa Katete ndi Sinda tsiku limenelo. Akuti akadalipo.

Mwini galimoto, a Lungu, anatichingamira pa siteji ndi njinga yakapalasa. Munthu wogulitsa galimoto kubwera pa njinga, ndinati apa pali nkhani. Anali mkulu wa mpingo, wamtali, wa imvi, kolala yomangidwa mpaka pakhosi. Anatipatsa moni m'Chinsenga, "Muli tyani," atamva mayankhidwe athu anatembenukira ku Chichewa ngati munthu wosintha chipewa. Tinayenda wapansi mtunda ndithu, iwo akukankha njinga, kudutsa m'minda ya thonje lokolola kale.

Pakhomo tisananene kanthu tinayamba tapemphera. A Lungu anapempherera ulendo wathu, mvula ya chaka chamawa, boma, ndi galimoto yomwe, kuti ngati ili ndi chilema chobisika Ambuye achiulule. Dizilo pemphero limeneli sakanalilola. Kenaka mwana wawo wamkazi, wamkulu ndithu, anabwera ndi thobwa, n'kugwada pamaso pa a Zulu. Ndinamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Ndinati ndi ameneyu, mwini mpando wachisanu ndi chimodzi. Thobwa lake linali labwino, zimenenso zinandikwiyitsa. A Zulu anamwa akuyang'ana ku shedi.

Galimotoyo inali pansi pa shedi ya udzu. Kale inali yoyera, tsopano inali ngati phulusa. Yaitali miyendo, ya dizilo, yokalikakalika m'mbali ndi minga. Nditaitsegula kukamwa ndinapeza fumbi, oilo wakale wouma, ndi chisa cha mavu. Ndinauza a Zulu kuti iyi sanaisambitse.

"Ndinaigula ana ali asanu ndi mmodzi pakhomo," anatero a Lungu. "Onse anapita, watsala uyu amene wabwera kudzationa, mwamuna wake ali ku Petauke. Tsopano ine ndi amayi tikakwera timamveka ngati nsawawa ziwiri m'chitini. Ndipo dizilo wakwera. Njinga ikundikwanira."

Nditamva za mwamuna wa ku Petauke ndinapempha thobwa lina.

A Lungu ananena okha zilema zake: chitseko chakumanzere chimatsegukira kunja kokha, m'nyengo yozizira imafuna kuinyengerera, wailesi inafa. A Zulu analowanso pansi ndi tochi. Anagogoda, sipanayoyoke kanthu. Anailiza, n'kuima kumbuyo kuyang'ana utsi, ndipo ine ndinaima nawo monyada, chifukwa kumeneko ndiye kuyang'ana ndowe kuja. Anafunsa ngati zitsulo zake zimapezeka ku Katete kapena mpaka ku Lusaka. Anaona mapepala. Kenaka anati aone mipando yakumbuyo.

Apa amayi Lungu anaima pakhomo la shedi.

"Kumbuyoko ayi. Kuli nkhuku."

Inalikodi. Mipando iwiri yakumbuyo inali yopindidwira m'mbali, ndipo pakati pake, pa thumba la feteleza, thadzi lakuda linkafungatira mazira khumi ndi awiri.

"Latsala ndi masiku anayi kuti liswe. Bwerani Loweruka."

"Amayi," anatero a Lungu, "anthuwa achokera ku Vubwi."

"Nkhukuyo ikudziwa za ku Vubwi?"

Tinakambirana za nkhuku nthawi yaitali kuposa imene tinakambirana za mtengo. Potsiriza anabweretsa beseni, n'kunyamula thumba, mazira ndi thadzi zonse pamodzi, a Lungu akuyenda pang'onopang'ono ngati anyamula mgonero, thadzi likuwajompha pamkono.

A Zulu atatchula matope, a Lungu sanadabwe. Anati kudimba kwawo, kumunsi, kuli khwawa limene siliuma. Tinapita. A Zulu anatsika, n'kupotokola tizitsulo ta pa matayala akutsogolo monga anawalangizira a Lungu, n'kukoka kagiya kakang'ono. Ife awiri tinaima pa mzere wa nzimbe. Galimoto inalowa, matope anafika pakati pa matayala, inabuula, inagwedezeka, n'kutulukira tsidya lina. Inatembenuka, inalowanso, inatulukira kuno. Inatembenukanso. Kachitatu. Kachinayi.

"Aphunzitsi, dizilo!" anaitana a Lungu.

"Asiyeni," ndinatero.

Kachisanu a Zulu anaima pafupi ndi ife, n'kutsitsa galasi.

"Mphindi ziwiri, atate."

"Chiyani?"

"Kuwoloka. Tsiku lija tinakhalapo maola anayi."

"Eya," ndinatero. Ndinafunafuna mawu ena m'kamwa, ndinangopezamo gaga wa thobwa.

Titabwerera pakhomo anatambasula mipando iwiri ija, n'kukuntha nthenga, n'kukoka malamba ake kuona ngati amagwira.

"Atate, takwerani kumbuyoko."

Ndinaona kuti ndikapanda kufunsa tsopano ndikafika kwa a Nambewe ndi nambala yopanda tanthauzo. Koma apongozi safunsa molunjika.

"Ndikwere ngati ndani, a Zulu? Mwini mpando uno ndi wowonda ngati ine, kapena ndi wa chiuno? Tisayese ndi muyeso wolakwika."

Anayang'ana tayala. "Ndi wa mawondo otupa, atate."

Ndinakumbukira mawondo a akazi anga.

"Ndi amayi." Ankalankhula ndi tayalalo. "Ana ndikufuna kuwatenga, sindikunamizani. Nyumba yopanda iwo ndalephera kugonamo. Koma kakhanda sikadziwa chifuwa china. Nyumba ya kusukulu ili ndi kanyumba kena kuseri. Ndikupempha kuti inu ndi amayi tipite tonse. Nyengo yolima ndizikubwezani kumudzi, mvula igwe isagwe, mwaona nokha imawoloka. Koma amayi sangakhale pafupi ndi ine. Ndiye ndimafuna mpando wakutali kwenikweni umene galimoto ingakhale nawo."

"Nanga akakana?"

"Akakana iwo, amalume akana. Sindipita nanu kukhoti, atate. Ndidzapita ndekha ku Sinda, ndi mipando yonseyi."

Choncho sanandiitanire nzeru za ng'ombe ayi. Anandiitana chifukwa ndine ndimadziwa mmene a Nambewe amapindira mwendo.

Ndinati ngati ndi choncho tiyese mwa chilungamo. Ndinabwereka chitenje kwa amayi Lungu n'kumanga m'chiuno. Ndinabwereka china, n'kuberekera dzungu kumsana. Ndinaumitsa bondo lamanja monga limachitira la a Nambewe m'mawa. Amayi Lungu anaseka mpaka anakhala pansi, mwana wawo anathawira kukhitchini. A Lungu anapinda mpando wapakati kuti ndidutse. Ndinakweza mwendo, chitenje chinakana. Ndinayesa chammbuyo, dzungu linagunda denga.

"Mwapha mwana, madala!" anakuwa amayi Lungu.

A Zulu sanaseke. Anandiuza kuti nditsike ndiyambirenso. Anabweretsa njerwa, sinakwane. Anabweretsa kampando ka m'khitchini, ndipo ndi kampandoko, ndikayamba ndamasula dzungu n'kupatsira wina, ndinkalowa. Anandiyesetsa katatu. Kampandoko anagula pamodzi ndi galimoto.

Tinagona kwa a Lungu. M'mawa mwake tinapita nawo ku Katete kukaonetsa manambala a injini ndi kusintha mapepala, zimene zinadya tsiku lonse pa benchi, chifukwa wosaina anali atapita kumaliro. Tsiku lachinayi ndiye tinauyamba wobwerera. A Zulu ananditsegulira kutsogolo, ine ndinati ayi, ndikhala kumbuyo kwenikweni, ndikauze mwini wake zoona. Zoona zake ndi izi: kumbuyoko munthu umakhala pamwamba pa matayala, dzenje lililonse limakupatsa moni wapadera, mawondo amafika pachibwano, ndipo kumanunkha nkhuku. Kuchokera kumeneko a Zulu ndinkangowaona khutu limodzi. Pa Chadiza tinapeza kalole kaja kakumatidwanso tayala. Pa Kankhande sindinadziwe n'komwe kuti tadutsa.

Tinafika dzuwa likupendeka. Ana atatu aakulu anathamangira galimoto n'kuyamba kulimbirana mipando. A Nambewe anaiona ali pakhonde, chakumbali, kenaka anazungulira kuseri kwa nyumba mpaka a Zulu atapatsa moni khoma n'kunyamuka wapansi kupita kusukulu yakale kumene ankakhalabe.

Titadya, ana atagona, a Nambewe anakhala pamphasa akumwetsa kakhanda.

"Ingati?"

"Isanu ndi iwiri."

Ndinawauza zonse. Za Dizilo ndinafupikitsa, za dzungu ndinafuna kudumpha koma ndinalephera. Ndinawauza mawu a a Zulu monga anawanenera, ndi za kampando, ndi kuti akakana iwo ana atsala. Sanaseke, sanalire. Anadikira kuti botolo lithe, anakaika kamwanako paphewa n'kumakasisita mpaka kanageya.

"Mawa mukawauze a Zulu kuti ine ndikhala kutsogolo, pambali pawo, ndi mwanayu. Ndinkawathawa chifukwa cha Malita. Malitayo palibe, ndiye ndiwathawire yani? Kumbuyoko mukhale inu, mwakuyesa kale."